Mpando Wotsimphina

Nditalowa mu shedi imene bambo amapaliramo matabwa, ndinangoima pakhomo. Iwo anangoyang'ana yunifolomu ya unamwino imene ndinaipinda m'manja, n'kudziwa kuti ndalepheranso mayeso.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero akudzisasa utuchi.

Mipando yatsopano yonyezimira inali mbwee, kudikira eni ake, koma iwo anandikokera wakalekale wa pakona. Nditangokhalapo, unapendekeka. Mwendo umodzi unali waufupi.

Ndinatola kachidutswa ka thabwa kuti ndiike kunsi kwa mwendowo.

"Usiye choncho," anatero bambo. "Mpando umenewu ndi umene ndinalephera nawo mayeso a ukalipentala. Woyesa anangoukankha ndi chala chimodzi, kalasi yonse n'kufa nako kuseka."

"Nanga mumausungiranji?"

"Ndinkafuna kuuwaza ukhale nkhuni. Koma iwe unabadwa wolira ngati wina akukutsina. Kukubereka kumbuyo, osatheka. Kukuyimbira nyimbo, ndiye ngati takuputa dala. Tsiku lina mayi ako atatopa anangodzigwetsa pamenepa atakunyamula. Mpando unayamba kugwedera, iwe kuli zii, mpaka tulo." Anaseka pang'ono, n'kuloza mipando ina ija. "Yokongolayi imapita m'nyumba za mabwana, ndipo amandiyamikira. Koma sindinamvepo kuti wina mwa iyo unatonthoza mwana."

Misozi yanga inayamba kudonthera pa yunifolomu ija. Bambo sanandiletse. Anangoika dzanja lawo lokhakhala pa chotsamira, n'kuyamba kuugwedeza mpandowo pang'onopang'ono.

Gwede, gwede.