Voti ya Mayi Lindqvist

Kalaliki wa nyumba ya malamulo ya Seneti atayamba kuitana mayina kuti aliyense avote, Mayi Orpha Lindqvist anaika chigongono m'mphepete mwa desiki n'kudikira.

Makutu awo anali atafa kalekale, ndipo chinsinsichi ankachidziwa ndi Wendell Pruitt yekha, woyandikana nawo mpando. Dzina lawo likaitanidwa, iye ankawagunda pachigongonopo, milomo yake ikuti, "Yankha, nkhalamba iwe, khofi akuzizira."

Lero desiki ya malemu Wendell inali yofunditsidwa nsalu yakuda, pamwamba pake maluwa oyera. Bilu imene ankavoterayo inali yake, yotsegulanso zipatala zakumidzi.

Mayiwo anayang'anitsitsa maluwawo. Anali a mtundu womwe uja unkamuyetsemulitsa. Wagula zimenezi ndani, wosamudziwa munthu?

Atadzutsa mutu anaona nyundo ya wapampando ikutsika. Seneta wakutsogolo kwawo anatembenuka, ndipo mayiwo anawerenga milomo yake: "Orpha, anakuitana katatu. Bilu yagwa, inangoperewera voti imodzi. Wamuchitiranji zimenezi Wendell?"

"Inde," anatero Mayi Lindqvist mokweza, akudzuka. "Ndati inde."

Kalaliki anali atayamba kale kuwerenga bilu ina.