Msana wa Terrell Unachira Msanga

"Terrell mwanawe, lowa m'nyumba," amayi ake anachenjeza. "Kale, kampani yobweretsa katundu ija ili ndi galimoto ziwiri zokha, ankagogoda n'kupereka moni. Lero ili ndi ndege, amangojambula pakhomo n'kuthawa."

"Amama, mumaopa zonse!"

Terrell anali atanamiza mkazi wake Shonda kuti msana wamugwira, sangakathandize apongozi kusamuka ku Memphis. Shonda atangonyamuka, msana unachira.

Masana dalaivala anasiya bokosi la Shonda pakhonde, kujambula, ulendo. Chithunzicho chimapita pafoni ya mwini katundu, abale inu! Pachithunzipo, kuseri kwa bokosi kunkaoneka Terrell ali m'malere ndi mpira, malaya atavula.

Foni inalira.

"Odwala inu," anatero Shonda mokoma, "bokosilo musanyamule, lingakupwetekeni. Firiji ya amayi ndiyo ikukudikirani kuno, pansanjika yachitatu."