Matcheni a Kumbuyo

Tcheni chachiwiri choletsa galimoto kuterereka chitangokola pa tayala, Bronwyn anadzuka m'chipale chofewa mawondo atanyowa, zala zitachita dzanzi. Analowa m'galimoto n'kuponda moto. Matayala akutsogolo anangozungulira pamalo amodzi, kumwaza chipale.

"Ponda pang'onopang'ono, mwanawe. Si thirakitala iyi," anatero bambo ake, a Angus, atafunda bulangete pampando wa pambali. Sutikesi yawo inali kumbuyo, pamodzi ndi ndodo yowetera nkhosa imene anakanitsitsa kuisiya. Kunyumba yosungira okalamba, kuseri kwa phiri, ankawadikira masana omwewo.

Woyendetsa galimoto yopala chipale mumsewu anaima n'kusuzumira pawindo.

"Mayi, matcheniwa mwamangiranji kumbuyo? Galimoto yanuyi imakoka ndi matayala akutsogolo!" Anapukusa mutu n'kumapita.

Bronwyn anatsamiza chipumi pa chiwongolero. Amene anamuuza kuti amange matcheniwo kumbuyo ndi bambo ake omwewo, amene akhala akukwera phiri limeneli nyengo yozizira iliyonse kuyambira ali mnyamata. Adokotala paja ananena kuti kuiwala kwa ukalambaku kumayamba ndi tinthu ting'onoting'ono.

"Musadandaule, ababa. Aliyense amaiwala."

"Waiwala ndani?" Mkuluyo sanamuyang'ane n'komwe. Maso anali kumunsi kuchigwa, kumene denga lofiira la khola lawo linkaonekabe. "Galimotoyi ndinakusankhira ndine. Ndikudziwa kumene imakokera."

Apa m'pamene Bronwyn anazindikira kuti mkuluyo anachitira dala, pofuna kuchedwetsa ulendowo. Kenako anazimitsa injini n'kutulutsa fulasiki ya tiyi.

"Kapu imodzi yokha, ababa. Ikatha ndikamasula matcheniwo."

"Chabwino," anatero a Angus. "Koma uthire pang'onopang'ono."