Dzuwa la Kuphiri ndi Maso a Paisley

Panali munthu wina ku Montana, ku America kuno, dzina lake Darrell. Banja lake ndi Joleen linali litatha, ndipo khoti linamulola kumatenga mwana wawo wamkazi, Paisley, Loweruka ndi Lamlungu basi.

Loweruka lina chakumapeto kwa nyengo yozizira, Darrell anabwera kudzatenga mwanayo kuti akasewere masewera otsetsereka pachipale chofewa kuphiri. Joleen anatuluka ndi kabotolo ka mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

"Um'pake kumaso musanakwere, masana um'pakenso. Magalasi ake a dzuwa ali m'chikwamamo."

Darrell anaseka. "Kuzizira konseku? Iwe Joleen, ukwati unatha koma kulamula sunasiye."

"Khungu la mwanayu ukulidziwa."

"Ndi wanganso mwanayu."

Atangokhota pakona, Darrell anaponya kabotoloko pansi pa mpando wa galimoto. Chikwama sanachitsegule n'komwe.

Kuphiri kunali mbee, chipale chofewa paliponse, kumwamba kopanda mtambo. Kamphepo kozizira kankabisa ukali wa dzuwa. Mayi wina pamzere wodikira kukwera phiri anamuyang'anitsitsa Paisley.

"Bambo, mwanayu wayamba kufiira. Mafuta ndili nawo, ndikugawireni?"

"Ndi mphepo imeneyo, mayi. Zikomo."

Dzuwa litapendeka Paisley anati, "Adadi, m'maso mwanga muli mchenga." Darrell anamugulira chakumwa chotentha cha koko, n'kukwera naye phiri kachikena. Ankafuna mwanayo akanene kwa amake kuti kwa adadi n'kosangalatsa.

Kutacha, Paisley sanabwere kudzamudzutsa monga ankachitira. Darrell anamupeza atakhala pabedi. Nkhope inali itatupa, matuza pamphuno ndi m'masaya, zikope zitamatana.

"Adadi, yatsani magetsi."

Kunja kunali kutayera kale, makatani ali otsegula.

Kuchipatala dokotala anati kuwala kobwerera kuchokera pachipale kunamuwotcha khungu ndi maso omwe. Maso anachira patapita masiku, koma mabala anakhalitsa. Joleen atafika sanakalipe. Anangojambula nkhope ya mwanayo pafoni, n'kutumiza kwa loya wake.

Lero, molamulidwa ndi khoti, Darrell amaonana ndi Paisley m'kachipinda ka ofesi ina, munthu wachilendo atakhala pambali n'kumawayang'anira.

Phunziro: Dzuwa limawotcha ngakhale kukuzizira, makamaka kumapiri. Mwana muzim'paka mafuta oteteza khungu mobwerezabwereza, muzimuveka magalasi ndi chipewa. Musakane malangizo abwino chifukwa choti munayambana ndi amene akukuuzaniyo, pakuti wovulala ndi mwana. Tumizirani uthengawu makolo anzanu, makamaka amene akulera ana m'nyumba ziwiri.