Mwana wa Pascuala

"Aphunzitsi, mwanayu musamamunyamule poyera. Muzimusiyira Pascuala," anatero Mama Ercilia m'mawa wa Lolemba, akusenda mbatata osadzutsa mutu.

Yesenia anavomera ndi pakamwa pokha. Mwana wake yemwe, wa miyezi isanu, amusiyire munthu wina chifukwa chiyani? Madzulo ake anamuyangata n'kukaima naye pachipata monga mwa masiku onse.

Anali atakhala pakhomopo miyezi iwiri. Sukulu ya m'mudzimo, kumtunda kwa tauni ya Guamote, inalibe nyumba ya aphunzitsi, choncho makolo anamuika kwa Mama Ercilia ndi amuna awo, Tayita Melchor. Anafika ndi chikwama chimodzi, mwana wake Noelia ali m'manja. Za Wilmer, mwamuna wake wa ku Machala, kugombe la nyanja, amene anamugulula dzino n'kulumbira kuti mwanayo adzamulanda, sanauze munthu.

Poyamba zonse zinali bwino. Ankamwa phala la balere pafupi ndi moto, mbira zikuyendayenda m'mapazi mwawo. Pascuala, mpongozi wa pakhomopo, ankangokhala duu pakona akupota ubweya wa nkhosa. Mwana wake wamkazi wakhanda, Tamia, anali atamwalira ndi chibayo Yesenia atatsala pang'ono kufika. Noelia akalira, dzanja la Pascuala linkaima. Yesenia ankaziona zimenezo. Ankaona chilichonse.

Lachiwiri, poweruka kusukulu, anapeza Noelia atakulungidwa m'nsalu, manja ali m'mbali, atazengedwa ndi lamba wofiira woluka kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, nga nga nga ngati mtolo wa nkhuni. Kumutu anali ndi kachipewa ka malemu Tamia.

"Zovala zake zili kuti?" anafunsa Yesenia.

"Kuno kumazizira, aphunzitsi," anayankha Mama Ercilia. "Tinsanza tanu takugombe tija muzivekera zidole." Anaseka okha.

Matewera amene anayanika kuseri kwa chipinda chake anawapeza atapachikidwa pachingwe cha Pascuala. Anawabweza. M'mawa mwake anali atabwereranso komweko.

Lachinayi, Mama Delfina, oyandikana nawo nyumba, anaima pachipata n'kufuula kuti ndi kumsewu komwe amve: "Pascuala iwe! Tamiayu wanenepatu! Ukumudyetsa chiyani, mafuta a nkhumba?"

Pascuala anamwetulira, mwana ali kumsana.

Mama Delfina ndi amene anasambitsa maliro a Tamia, anachita kumuuza Yesenia okha. Tsono mudzi wonse unali utagwirizana. Wogulitsa mkaka anati Tamia. Ana a m'kalasi mwake anati Tamia, akuyang'ana pansi. Akalowa m'khitchini, anthu ankasiya kulankhula. Anayamba kugona atamangirira mwendo wa mwanayo kudzanja lake ndi mpango.

Loweruka mudzi wonse unabwera kudzafolera nyumba ya Tayita Melchor, monga amachitira wina akakhala ndi ntchito yaikulu. Masana amayi anayala nsalu yaitali pabwalo n'kukhuthulirapo mbatata, nyemba ndi chimanga chowiritsa. Pamenepo sabweza munthu, wodutsa aliyense amakhala n'kudya. Panali dalaivala wa mkaka, mkulu wina wa kutchalitchi, ndi wogulitsa mabulangete amene galimoto yake yoyera inaima mmunsi mwa msewu.

"Tayita Melchor, denga mwafolerali muziwerenga nyenyezi muli pabedi!" anatero wina.

"Kafolere kwako kaye, kumene mumagona ndi ambulera," anayankha nkhalambayo.

Anthu anaseka. Yesenia sanaseke. Maso ake anali kumsana kwa Pascuala.

Noelia anayamba kulira. Yesenia anadzuka, koma Mama Ercilia anamugwira siketi. "Khalani pansi, aphunzitsi. Idyani."

Pascuala anamutembenuzira mwanayo kutsogolo, n'kumasula bulauzi, n'kumufunditsa nsalu. Kulira kunaleka.

Yesenia sanadziwe mmene anadumphira chakudya chija. Anangopezeka kuti wamutsomphola mwanayo.

"Mwana wanga ameneyu! Ndinabereka ndine! Dzina lake ndi Noelia, mwamva nonsenu? Tamia wanuyo ali kumanda!"

Palibe ngakhale mmodzi anamuyang'ana. Pascuala anakhala choncho, manja ali m'malere, bulauzi ikunyowa. Yesenia anathamangira m'chipinda mwake n'kutsamiritsa tebulo kuchitseko. Anamasula lamba wofiira uja n'kumuponya pakona.

Anamva anthu akubalalika mmodzimmodzi, opanda nyimbo, denga lili theka. Chifunga chinatsika kuphiri n'kumeza khola la nkhosa.

Dzuwa litangolowa, kunamveka kugogoda.

"Ndine, aphunzitsi. Tsegulani, sindikulandani kanthu."

Anatsegula pang'ono, mwana atamufumbatira pachifuwa. Mama Ercilia anali atanyamula mbale ya phala. Nkhope yawo sinaonetse mkwiyo, koma kutopa.

"Mawa ndikukakunenerani kupolisi," anatero Yesenia. "Inu ndi mpongozi wanu wamisalayo."

Mama Ercilia anaika mbale pansi.

"Mawa n'kutali, mwana wanga. Wa mabulangete uja chiyambire Lolemba akuyenda khomo ndi khomo, akuti watumidwa ndi bambo wina wa ku Machala kufunafuna mkazi wa khanda lalikazi. Tikanakuuzani mukanathamangira kumsewu, ndipo msewu ndi umodzi. Mudzi wonse unamuuza kuti aphunzitsi alibe mwana, khandali ndi la Pascuala."

Yesenia anasuzumira mmunsi mwa msewu. Galimoto yoyera ija panalibe. Mwini wake anali pabwalo paja pamene iye ankafuula.

"Auzeni Tayita Melchor amange kavalo," anatero monong'ona. "Kusanache ndikhale nditadutsa phiri."