Mphuno ya Bambo Anselmo

Begoña anaika matambula awiri a vinyo wofiira pamwamba pa mgolo. M'chipinda chapansi chosungiramo vinyo munkazizira, koma iye thukuta linali kamukamu. Mchimwene wake Fermín anatsamira khoma, maso ali pansi.

Bambo awo, a Anselmo, anali ndi mphuno yoopedwa m'tauni yonse ya Haro. Vinyo amene iwo amukana sankalowa m'botolo la dzina la banjalo, ngakhale munthu agwade. Chaka chino ananena okha kuti akula, ndipo mwana amene vinyo wake apambane ndiye atenge makiyi a mosungira vinyomo. Fermín ankapanga wachikale, wogonera zaka m'migolo ya thabwa. Begoña anabwera kusukulu ndi wamakono, wonunkhira zipatso. Awiriwa akayamba kukangana za vinyo, ngakhale galu ankatuluka panja.

"Musandiuze kuti uyu ngwa yani," anatero mkuluyo. "Mphuno yanga sifuna womasulira."

Ananyamula tambula yoyamba, kuizunguza, kununkhiza, kulawa. Nkhope inachita tsinya. Analavulira pansi.

"Aaa, zamanyazi! Begoña, sukulu yonse ija anakuphunzitsa zimenezi? Awa ndi madzi a zipatso omwetsa ana. Alibe msana. Chaka chisanathe adzakhala atafa m'botolo."

Begoña mumtima ankangopempha chinthu chimodzi: Bambo, chonde, lawani bwino winayo.

Tambula yachiwiri anakhala nayo nthawi. Anatsinzina, nkumwetulira.

"Eyaa! Vinyo ndi ameneyu. Mukumva thabwa? Mukumva dothi la munda wakumtunda? Uyu adzamwedwa paukwati wa adzukulu anga. Fermín, ndiwe wouma mutu ngati bulu, koma dzanja uli nalo."

Anasolola makiyi m'thumba nkumuponyera. Fermín sanawawakhe nkomwe. Makiyiwo anagwera pansi kuti ngwee. Begoña misozi inali itayamba kale kutsika.

"Usalire, iwe," anatero bambo ake, akumusisita paphewa. "Kugwa nkuphunzira. Mphuno ya bambo ako sinanamepo."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, akuimba kamluzu, wokondwa ngati mnyamata. Chitseko chitatsekeka, Fermín anakhala pansi phwaa, nkugwira mutu.

"Achimwene, mwina angotopa lero," anatero Begoña, koma mawuwo ngakhale iye mwini sanawakhulupirire.

"Atopa chiyani, mlongo wanga? Wawamva wekha."

Begoña anawamvadi, ndipo zinamupweteka koopsa. Matambula onse awiri anawadzaza yekha kuchokera mumgolo umodzi, wa vinyo amene bambo awo anapanga ndi manja awo, pofuna kuyesa mphuno ya mkuluyo. Adokotala amene anayeza bambo awo sananame: matenda oiwalaiwala amene anawapeza nawo amayambira kumphuno.