Kabati ya Malemu ndi Chidindo Chabodza

Panali munthu wina, kalipentala wodziwa ntchito yake, amene anzake ankamutchula kuti Zachangu chifukwa kudikira kunkamuwawa ngati dzino. Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo atakwatiwa kunja kwa dziko, anapempha chinthu chimodzi chokha: kabati ya mayi ake, imene Zachangu anawakhomera atangokwatirana.

Zachangu anatola matabwa amene anakhalitsa kuseri kwa shedi n'kukhoma bokosi lalikulu lotumizira kabatiyo pa sitima yapamadzi. Mlamu wake, yemwe ankapakira katundu wopita kunja, ataliona anapukusa mutu.

“Alamu, bokosi lamatabwa silidutsa malire chonchi. Matabwawa akayambe alowa mu uvuni kwa anthu ovomerezeka, tizilombo ta m'kati tife, kenako adinde chidindo. Ndi lamulo la mayiko ambiri. Amaopa kuti tizilomboto tingakathe mitengo ya eni ake.”

“Thabwa ndalidziwa inu musanamere mano,” anayankha Zachangu. “Kumeneko n'kutaya nthawi, pamzere pali anthu ambiri. Chimene akufuna si chidindo? Chidindo tipanga.”

Munthu waluso akafuna kulakwa, amalakwanso mwaluso. Anaonera pa bokosi lina lakale, n'kusema chidindo chake pa mphira wa tayala. Atadinda, ngakhale mlamu uja sanathe kusiyanitsa. Bokosi linapita, Zachangu n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Koma tsoka silinunkha. Tsiku lina akupala thabwa, foni inalira. Anali mwana wake uja.

“Ababa, bokosi lija munakalilowetsa mu uvuni?”

“Bwanji? Chidindo sanachione?”

“Achiona. Koma pansi pa bokosi panali fumbi ngati ufa. Atang'amba thabwa limodzi apeza mphutsi zamoyo. M'njira monse zakhala zikuboola, zalowa mpaka m'kabati.”

Zachangu anati, “Ndiye auze apopere mankhwala, mwanawe. Kabatiyo ndi ya mayi ako.”

“Ndawauza, ababa. Ndagwada pamaso pa anthu padoko. Akuti poti chidindo n'chabodza ndipo zonse zafumbwa, palibe chotuluka. Atentha bokosi ndi kabati yomwe.”

Zachangu anakhala pa utuchi. Kuseri kwa chitseko cha kabatiyo n'kumene malemu ankalemba mizere ya msinkhu wa mwanayo chaka ndi chaka, kuyambira ali kakhanda kongoima kumene.

“Ndikukhomera ina, yoposa ija,” anatero motsitsa mawu.

Mwanayo anati, “Mizere ija adzalembanso ndani, ababa?” Foni n'kuduka.

Phunziro: Kuthamanga sikufika. Ukhoza kunamiza maso a woyang'anira padoko, koma kachilombo sikawerenga chidindo. Ngati mukutumiza katundu kunja m'bokosi lamatabwa, pitani nalo kwa ovomerezeka likalowe mu uvuni, tizilombo tife. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa akalipentala ndi onse amene ali ndi abale kunja.